Aluto ya Mayi Aang'ono

Basi inanditula kutada. Tauni yachilendo, mphepo yozizira. Chikwama kumsana, gitala m'manja. Magetsi a mumsewu ankayaka modumphitsa, ili layaka, ilo lafa. Achemwali anali atandiuza pa foni kuti ndikadutsa pothirira mafuta a galimoto ndikhotere kumanzere, ndifunse pochapitsira zovala. Ndinafunsa mlonda wa pa sitolo ya matayala. Anangoloza ndi chibwano.

Ndinabwera kudzatenga nyimbo.

Bambo anali chigonere kunyumba kwa achemwali. Sitiroko inawapha mbali ya kumanja, lilime n'kulemera. Mawu ankatuluka apa ndi apo, ndipo ambiri anali amodzimodzi: nyimbo ya mayi ako. Akatero ankayesa kuing'ung'udza. Inkathera pakhosi. Dzanja lamoyolo linkatsala likumenya chitsulo cha bedi, kenako misozi, kenako kukana chakudya. Adokotala sanabise. Anati tisayembekezere miyezi.

Mayi anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Ndimakumbukira fungo la sopo m'manja mwawo. Nyimbo ayi. Achemwali ankadziwa mawu a mzere woyamba okha, ndipo kayimbidwe kawo n'ka chitseko chosowa mafuta, eni akewo amavomera. Nyimboyo sinali ya pa wailesi kapena ya m'buku. Mayi anaipeka okha ali mtsikana, n'kumaiyimba ndi mng'ono wawo. Achemwali anangoti: iwe si woyimba? Pita kwa mayi aang'ono ukaitenge, ubwere nayo bambo akadali kumva.

Woyimba ndinedi. Gitala ndiyo imandidyetsa, m'mahotela, m'maukwati, paliponse pamene pali soketi ya magetsi. Tauni ino mwezi uno, ina mwezi wamawa. Nyimbo yolembedwa ndimawerenga, ya do-re-mi ndi ya pa mizere yomwe. Ndinkaona ngati ntchito yopepuka. Ayimba, ndilemba, ndibwerera.

Pochapitsira zovalapo nyale inali ikuyakabe. Ndinakankha chitseko cha galasi. Nthunzi, fungo la nsalu yotentha. Masuti, madiresi, maovololo, zonse pa mahang'ala, zitandanda ngati anthu odikira dokotala. Kuseri kwake kunali mayi wamfupi wa imvi za m'mbali, akusita kolala.

"Tatseka," anatero osadzutsa mutu.

Ndinapereka moni. Simbi inaima. Anayang'ana gitala, kenako nkhope yanga.

"Sakhalitsa."

Dzina limenelo anandipatsa ndi mayi aang'onowa, ndili khanda lokana kukhala pamiyendo. Ndinali ndisanalimvenso chichokere ku maliro a mayi. Anaimika simbi, anazungulira tebulo, anandigwira pamkono. Dzanja lotentha, lolimba. Anati mphumi ndi ya mayi anga, makutu ndi a bambo, koma kuwondaku sakudziwa ndinatengera yani. Anafunsa za alamu awo. Ndinafotokoza. Anamvetsera akupinda shati, kuipindula, kuipindanso.

Chipinda chawo chinali kuseri kwa shopuyo. Bedi, tebulo, mipando iwiri, chitofu cha mbale imodzi. Anakazinga mazira, anadula buledi, tiyi anamuthira shuga osandifunsa. Gitala anaipatsa mpando wakewake, iwo n'kukhala pa bedi. Anati popeza mkazi sindinabwere naye, alandira mpongozi yemwe alipoyu; bola ameneyu salongolola akapanda kumuputa. Ndinaseka. Nkhani ndinainena tiyi asanazizire.

Sanadabwe. Anapukuta pakamwa, anaimirira. Anati nyimbo imeneyo siyimbidwa chokhala. Anatseka khutu la kumanzere ndi chala, maso pakhoma, n'kuyamba.

Tsegula zenera, mphepo ilowe.

Mawu abwino. Okhuthala, osagwedera. Koma nyimbo sinkachoka pamalo. Liwu limodzi, limodzi lomwelo, kutsika pang'ono, kubwerera, kukwera pang'ono, kubwereranso, ngati munthu woyenda uku ndi uku m'khonde lalifupi. Chapakati anakhala chete, milomo yokha ikugwira ntchito. Analowanso. Anamaliza. Anachotsa chala.

Ndinafunsa ngati nyimbo ija ndi imeneyi. Anati ndi imeneyi kumene.

"Koma mayi, sikuyenda."

"Iyende kupita kuti? Woyenda anali mayi ako. Ine ndine aluto."



Nyimbo ya anthu awiri imakhala ndi njira ziwiri. Ya pamwamba, sopulano, ndiyo anthu amaitcha nyimbo. Ndiyo munthu amayimba posamba, ndiyo mwana amatola pa msewu. Aluto imayenda pansi pake. Ntchito yake n'kudzaza, kuchirikiza, kuti ya pamwambayo isamveke yokha ngati mwana wosokera. Pawiri n'zokoma. Aluto yokha ili ngati mthunzi umene mwini wake wachokapo. Bambo sankafuna mthunzi.

Ndinawapempha kuti ayimbe ya pamwambayo. Anati palibe vuto. Anakonza pakhosi, anayamba pamwamba ndithu. "Tsegula" anamunyamula bwino. Pofika pa "zenera" anali atatsetsereka kale, abwerera m'khonde lawo lija. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anaseka, nati lilime lakalamba. Ulendo wachitatu sanaseke. Anakhala pansi n'kumazunguza kapu ya tiyi pa tebulo.

Kenako anandiuza za chala.

Anayamba kuyimba awiri ali pa sukulu, m'kwaya. Mkulu wawo, mayi anga, anali ndi mawu okoka. Akangoyamba, aliyense woyandikana naye ankapezeka akumutsatira. Mng'ono wakeyo ndiye ankakokedwa koposa. Amuika pa aluto, mzere umodzi usanathe wathawira kale ku sopulano. Aphunzitsi ankamenya tebulo ndi rula: mapanga awiri avumbwitsa, iwe, sankha limodzi. Tsiku lina mnzawo wina anawanong'oneza kuti azitseka khutu la mbali imene kuli mkulu wawo. Zinatheka. Anasiya kukokedwa. Pofuna kudziwa polowera ankayang'ana mapewa a mkulu wawoyo. Akakwera, ndiye kuti akukoka mpweya, nyimbo ikuyamba. Mayi atapeka nyimbo yawoyawo, mng'ono wawo anafufuza njira yake ya pansi masana amodzi, n'kuigwira, chala n'kubwerera m'khutu.

"Zaka zonsezo ndinaima pambali pake," anatero. "Sindinamumve."

Ndinati asadandaule. Zimenezi zili ndi malamulo ake. Munthu ukadziwa njira ya pansi, ya pamwamba umatha kuilondola.

Ndinatulutsa gitala. Kuzizira kwa m'basi kunali kutasokoneza nsambo. Ndinachuna imodziimodzi, iwo akuyang'ana. Ndinawapempha liwu lawo loyamba, aligwire osalisiya. Ndinalifufuza ndi chala pakhosi pa gitala mpaka ziwirizo zinalowana, kunjenjemera kwa pakati n'kutha. Linali G. Ndinawauza kuti ameneyu ndiye do wawo, pakhomo pa nyimbo, pamene imachokera ndi pamene imakagona. Anati pakhomopo akupadziwa, akhalapo moyo wonse, kungoti sankadziwa kuti pali ndi chilembo.

Pepala lolembapo analibe. Anandipatsa kachidutswa ka katoni kamene amaika m'kati mwa shati popinda. Ndinajambula mizere isanu. Ankayimba pang'onopang'ono, ine n'kumaika madontho, ili pa mzere, ili pakati pa mizere, lililonse ndi mchira wake. Anasuzumira. Anati ndadzaza katoni yawo ndi mbululu. Pansi pa dontho lililonse ndinalemba dzina lake kuti nawonso aziona.

Do do do, do ti do, do do, re mi mi.

Phazi lawo linkagunda pansi. Kumodzi kolemera, kuwiri kopepuka. Kumodzi kolemera, kuwiri kopepuka. Ndinasiya kulemba. Dzanja la bambo pa chitsulo cha bedi linkagunda chimodzimodzi. Nyimbo yake inali yomweyi ndithu. Ndinadula mizere ija m'zipinda, chilichonse cha kugunda kutatu.

Lamulo loyamba n'losavuta. Dumpha limodzi. Pamwamba pa do pamakhala mi, pamwamba pa re fa, pamwamba pa mi so. Anthu awiri ambiri oyimba pamodzi amayenda chonchi, motalikirana pang'ono, ngati phazi ndi phazi linzake. Ndinalemba mbululu zina pamwamba pa zoyambazo. Mi mi mi, mi re mi, mi mi, fa so so. Ndinati iwo ayimbe yawo, gitala iyimbe ya mayi. Tinayamba.

Zinagwirizana. Zinakoma mpaka ine tsitsi linanyerenyetsa. Iwo ankagwedeza mutu movomereza mpaka kumapeto kwa mzere. Atamaliza anapukusa.

"Zikugwirizana. Koma si iye."

Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji, poti sanamumvepo. Anati khutu linali lotseka koma maso anali otsegula. Pa "mphepo" mkulu wawo ankadzutsa chibwano, mtsempha wa pakhosi n'kuonekera, ndipo chipinda chinkakhala ngati denga lakwera. Zanga zija denga linali pomwepo.

Chabwino. Pa "mphepo" aluto inali pa do. Ndinachotsa mi, ndinaikapo so. Zinagwirizana. Anati kwera. Ndinaika la. Zinagwirizananso, mwachisoni pang'ono. Anati mwina, koma ayi. Ndinaika do wa pamwamba. Zinagwirizana. Anatsinzina nthawi yaitali, nati sakudziwa. Vuto la do ndi limenelo. Ali ngati nyumba yogona alendo, amalandira aliyense. Ndipo aluto yawo inkakhala pa do pafupifupi nyimbo yonse, pamene mayi pamwamba pakepo ankapita kumene afuna.

Tinalimbana nazo. Iwo ankandipatsa zimene maso anasunga. Apa ankatsinzina. Apa ankapendeketsa mutu kumanzere. Apa ankamwetulira ngati wakumbukira nthabwala. Apa ankagwira m'chiuno chifukwa mpweya unkamuthera. Ine n'kumasandutsa zimenezo kukhala madontho. Chibwano m'mwamba, liwu lokwera. Kutsinzina, liwu lalitali. Kumwetulira sindinadziwe kuti ndikulemba pa mzere uti. Katoni yoyamba inada ndi zofufuta. Anandipatsa ina. Ndinatuluka ndi nyimbo zingapo, zonse zolondola, zonse zokoma. Iliyonse akanatha kuiyimba mtsikana aliyense wa mawu abwino.

Ndiye tinafika pa malo achete paja.

Mzere wachiwiri unkati: utsi wa dzulo utuluke. Ukatha, iwo ankatseka pakamwa. Milomo inkawerenga, wanu thu firii, thu thu firii, kenako ankalowa ndi liwu lakuti "usachedwe". Zipinda ziwiri zopanda kanthu. Ndinajambula chizindikiro cha kupuma m'chilichonse, kachidutswa kakuda kolendewera pansi pa mzere. Anafunsa kuti tizipewa tozondokato n'tachiyani. Ndinati tikutanthauza kuti pamenepa woyimba akhale chete. Anaseka, nati kani kukhala chete nakonso amalemba.

Ndinafunsa chimene mayi ankayimba pamenepo.

Anati ankayimba okha. Mpamene nyimbo yonse inkapita; anthu omvera ankasiya zimene akuchita. Ndinati chabwino, nanga mawu ake? Mawu okha, osati kayimbidwe.

"Ndinkawerenga, mwanawe."

Anati ukakhala ndi zipinda ziwiri zachete, ntchito yako ndi imodzi: kulowa pa nthawi. Ukatengeka n'kumvetsera, walowa mochedwa, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati aluto yolowa mochedwa ndi liwu lakuti "usachedwe". Zinawachitikira kamodzi, pa khonde la kwawo, pamaso pa alendo. Anachotsa chala kuti amve. Analowa mochedwa. Mkulu wawo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo anawaseka sabata yonse. Kusekako akukukumbukira bwinobwino, akhoza kukutsanzira pompano. Zimene anamva asanachedwe, ayi.

Pansi pa malo amenewo panalibe dontho lililonse loti n'kumangapo. Lamulo la kudumpha limodzi limafuna poyambira. Ndinaika cholembera pa tebulo.

Foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wa achemwali. Bambo alawa chakudya pang'ono. Akufunsabe. Wayipeza?

Ndinabweza foni m'thumba. Ndinayang'ana makatoni aja. Ndinati pali njira ina. Ndisankhe imodzi mwa nyimbo zangazi, yokoma koposa, pa malo achetewo ndipeke zanga. Ntchito yanga ndi yomweyo. M'mahotela munthu amapempha nyimbo imene sindikuidziwa, ndimamupatsa yofanana nayo, amawomba m'manja. Bambo ndi odwala, mutu wawo suli bwinobwino. Adzalandira.

Mayi aang'ono anandiyang'ana mmene amayang'anira banga pa shati yoyera.

Anandifunsa ngati ndikudziwa mmene bambo ndi mayi anakumanirana. Sindinkadziwa. Bambo sankakamba zoterozo. Anati alamu awo, ali mnyamata, anabwera kudzapenta nyumba yoyandikana ndi kwawo. Tsiku lina atsikana awiri akuchapa kuseri anayamba kuyimba. Mnyamata uja anaima pa makwerero, bulashi m'manja, penti ikudonthera pa nsapato. Anakhala choncho mpaka nyimbo inatha. Mawa lake anapentanso khoma lomwelo. Mkuja wake chimodzimodzi. Mwini nyumba anachita kumufunsa ngati khomalo lamulakwira. Bambowo kuyimba sankayimba, ngakhale pang'ono, anali munthu womvera. Atakwatirana, mng'ono wa mkazi akabwera kudzacheza, ankawaimika awiriwo m'khichini ngati ana a sukulu, iwo n'kukhala pa mpando, manja pamaondo.

"Alamu anakwatira nyimbo imeneyo asanakwatire mwini wake. Ukawapatsa yako adzadziwa pa liwu lachiwiri. Ndipo sangathe n'kukuuza komwe kuti walakwitsa. Adzangokuyang'ana."

Ndinati ndiye tipitire limodzi m'mawa. Akaimirire pambali pa bedi, ayimbe zomwe akudziwazo.

Anati bondo. Anati masuti a ukwati wa Loweruka. Anati basi imawachititsa chizungulire. Ananyamula makapu n'kukawatsuka, ngakhale wanga unali ndi tiyi. Ndinadikira. Anayankhula atandifulatira.

Anati mawu awo oyankhula ndi a mayi anga anali amodzi. Ali ana, ngakhale makolo awo ankasokoneza akamva kuseri kwa chitseko. Patapita miyezi maliro atachitika, anaimba foni kufuna kumva za ana. Anayankha ndi alamu. Iwo anangoti "halo", ndipo alamu anatchula dzina la mkazi wawo. Mokondwa, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya. Kenako anapepesa. Chiyambire tsiku limenelo mayi aang'ono sanaimbenso foni, ndipo kupitako ankangoti mwezi wamawa.

"Panopa ndi odwala. Akandimva adzatsegula maso kufuna mkazi wawo, apeza ine. Zimenezo sindiwachita kawiri."

Ndinali nditatulutsa kale foni kuti ndiwajambule mawu. Ndinaibweza m'thumba.

Kunja galimoto inadutsa, magalasi a shopu n'kunjenjemera. Iwo anatenga katoni yoyamba ija, yakuda ndi zofufuta, n'kuyendetsa chala pa mbululu za pansi, zawozo. Anati akamasita okha amayimba njira yawoyi tsiku ndi tsiku. Ya pamwamba saimva. Koma mapewa amawaona, chibwano amachiona, mtsempha uja. Zimabwera zokha, bola iwo agwire do wawo osamusiya.

Anafunsa kuti alamu akayesa kung'ung'udza amathera pati. Ndinati poyambirira pomwe. Amakwera pang'ono, n'kugwa.

"Akusowa poponda," anatero. "Ya pamwambayo ali nayo kale. Iwe ukayimbe yanga."

Ndinayang'ana katoni ija. Madontho ochepa, oyandikana, ambiri pa mzere umodzi. Ndinati zimenezi ndiye n'zosavuta, ndaziloweza kale. Anati tiyeni timve.

Ndinayimba ndi mawu anga achimuna, do yemweyo koma wa pansi. Sindinafike patali. Anandiimitsa pa "zenera". Anati ndapinda liwu ngati woyimba m'bala. Ndinayambanso. Pa "mphepo" ndinapezeka ndakwera ndekha kupita ku so, osadziwa.

"Ukupita kuti? Khala pa do."

Ndinabwerera. Kukhala pa liwu limodzi pamene khutu likuona njira zisanu zotseguka n'chinthu chovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Pakhosi pankayabwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyimba pamwamba pa anzanga, ine kutsogolo, ng'oma ndi besi pambuyo. Iwo ankagunda tebulo ndi chikhato, kumodzi kolemera, kuwiri kopepuka, n'kumandikonza. Usakometse. Usakuwe. Aluto ikamveka kwambiri ndiye kuti yalakwa. Uziyimba ngati ukunyamula beseni lodzaza madzi.

Titafika pa malo achete, zala zanga zinachita zimene zinazolowera. Zinatsetsereka pa nsambo, kudzaza mpatawo ndi timawu tokongola. Anaika dzanja lawo lonse pa nsambozo. Gitala inafa.

"Pamenepo si pako."

Anati mpongozi wawoyu akafika kwa alamu akakhale m'thumba lake. Ndipite ndi pakamwa pokha. Ndikakhale mbali imene kuli dzanja lamoyo. Ndiziyang'ana chifuwa chawo, chikakwera, ndiyambe. Akachedwa ndichedwe nawo, akaima ndigwire liwu langa mpaka mpweya uthe, ndikokenso wina. Munthu wodwala sathamangitsidwa. Tinabwereza mpaka ndinadutsa nyimbo yonse osachoka m'khonde lawo lija. Sanandiyamikire. Anangoti iwo amagona msanga, n'kundiyalira mabulangete m'shopu, pansi pa masuti.

Ndinadzuka kusanache bwino, simbi ikupuma nthunzi pafupi ndi mutu wanga. Ankasita shati yanga. Anati mwana wa mkulu wawo sangatuluke m'nyumba yochapa zovala atavala ngati wagona m'basi. Tiyi anali kale pa tebulo. Makatoni aja anali atawaika pamodzi, amanga ndi ulusi.

Ndisanamwe anatsegula wailesi. Munali nyimbo yovina, ya malipenga, yothamanga. Anakweza. Anati ndiyimbe aluto yanga pamwamba pa phokosolo, tione ngati usiku sunandilande.

Ndinayamba. Mzere woyamba ndinadutsa. Wachiwiri lipenga linandikoka, ndinapezeka ndili m'nyimbo ya eni ake. Ndinayambanso. Linandikokanso. Osaganiza, ndinakweza dzanja, chala kulowa m'khutu. Nthawi yomweyo do anabwerera, wolimba, womveka m'mutu monse. Ndinamwetulira. Ndinati mankhwala awo aja ndi amphamvu.

Anazimitsa wailesi. Anandigwira pamkono n'kutsitsa dzanjalo.

"Chala ayi."

Ndinati popanda chala ndikokedwa. Bambo akayamba kung'ung'udza ndiwatsatira, ndipo pa malo achete paja ndikamvetsera ndilowa mochedwa.

"Uchedwe. Akuseka ndani?"

Anatenga shati ija, anaikutumula, anandigwirira kuti ndilowetse manja ngati mwana. Anamanga batani la pamwamba, analimasulanso. Maso awo anali pa batanilo.

"Akayimba pamenepo, umve. Ngakhale kakhale kakang'ono bwanji. Uike mbululu zakozo." Anasalaza kolala ndi chikhato. "Ndiye udzabwere udzandiyimbire. Ine ndidzakhala pansi. Manja onse pamaondo."

Ndinati mwina sayimba. Mwina pakhosi pakana, mwina ndikafika mochedwa. Anati akudziwa. Anandipatsa buledi wokulunga m'pepala, anatsegula chitseko cha galasi. Sanandiperekeze, anati bondo. Ndisanafike pokhotera ndinacheuka. Anali atabwerera kale pa tebulo lawo, mutu pansi, simbi ikupita ndi kubwera.

Pokwerera basi anthu anali ochepa. Amayi a mabasiketi, mwamuna wina akugona chokhala. Ndinapeza mpando wa pa zenera, gitala pakati pa miyendo. Achemwali anaimba foni basi isananyamuke. Anati bambo adzuka msanga lero, dzanja layamba kale kumenya chitsulo. Anafunsa ngati ndayipeza.

Ndinati ndapeza ya pansi.

Anati ya pansi ndiye chiyani. Ndinati ndidzafotokoza ndikafika, koma asunthe mpando uja auike mbali ya kumanzere kwa bedi, ndipo wailesi ya m'chipindamo azimitse. Anati ine ndi zinthu zanga. Anati ndifulumire.

Dalaivala analiza injini. Inkalira pansi pang'ono pa do wanga, moti inkandikoka kuti nditsike. Ndinatsamira galasi, manja onse pa thumba la gitala, n'kuyamba chapansipansi. Mayi wa pambali panga anandiyang'ana, anasuntha basiketi yake. Basi inatuluka pa geti.